Botolo la Chiponde Lolembedwa Kamvuluvulu

Yohane, kweza foniyo kuti ndi amene akhala pakhomo amve. Ndikudziwa mmene mumakhalira Lachisanu m'chipinda chija cha ku Al Asmakh ku Doha: ena pa bedi lam'mwamba miyendo ili lende, ena pa ndowa zovundikira, wina akusita yunifolomu ya mawa. Moni nonse. Amene ndinakhala nanu mawu anga mukuwadziwa. Amene mwabwera chaka chino mwangomva mbiri yanga, ndipo ndikudziwa kuti si yabwino. Sindikujambula mawuwa kuti ndiikonze. Ndi yoona.

Dzina langa ndi Maliko, koma kwathu anthu ankanditcha Kamvuluvulu. Ndinasewera mpira wolipidwa zaka khumi ndi chimodzi, nambala 7, mbali ya kumanja. Ntchito yanga inali imodzi: andipatse mpira, ndithamange. Nzeru za m'bwalo ndinalibe, asakunamizeni. Kochi wina ankati mutu wanga ndi wongonyamulira tsitsi. Koma ndikauponya mpira kutsogolo n'kuuthamangira, wotchinga kumbuyo ankangowerenga nambala ya kumsana kwanga. Ndinasewera matimu awiri akuluakulu kwathu, kenako zaka zitatu kunja kwa malire. Ndikakwera minibasi kondakitala ankakana ndalama yanga. Zimenezo zinkandikomera kuposa malipiro enieniwo.

Bondo lamanzere linawonongeka pa gemu ya chikho. Munthu anandilowa ndi mapazi onse awiri, ine n'kumva kulira mkati ngati wina wathyola nzimbe. Kuchipatala anati opaleshoni, ndi miyezi isanu ndi inayi osagunda mpira. Ndinakana. Miyezi isanu ndi inayi ndiye kuti nambala 7 wavala wina, ndipo amene wavalayo sadzavulanso.

M'timu mwathu munali bambo wina tinkamutcha Adokotala. Sukulu ya udokotala sanaipondeko. Anali wonyamula ndowa ya madzi oundana ndi chikwama chakuda, koma m'chikwamamo munali zonse. Jakisoni gemu isanayambe, mapilitsi awiri pa hafu taimu, ena awiri gemu ikatha. Mapilitsi ake ndi aja amati tramadol.

"Iwe Kamvuluvulu," ankatero Adokotala, "timu ikufuna miyendo yako, madandaulo ukawasiye kwa mkazi wako."

Ndinathamanga choncho zaka zitatu, pa bondo limene sindinkalimva. Kenako liwiro linatha. Ndinayamba kukhala pa benchi, kenako pa sitandi, kenako anandipatsa kalata yondichotsa m'timu. Ndinakasewera katimu ka kampani ina kolipira ndi thumba la ufa. Mkazi wanga anatopa ndi munthu wongogona maso ali gwa, anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Ntcheu, ndipo sindimuimba mlandu. Mpira unandisiya, anthu anandisiya, koma mapilitsi sanandisiye. Anayi aja anasanduka asanu ndi atatu, bondo lipweteke lisapweteke.

Ntchito ya ulonda ya kuno inapezeka ngati chipulumutso. Ndikuti kuno chifukwa mtima wanga ukuganizabe kuti ndili nanu, chonsecho ndikulankhula ndili ku Limbe. Poyeza m'thupi mukudziwa mmene zimakhalira: chifuwa, magazi, basi. Za bondo palibe anafunsa, ndipo ine sindinayambitse. Mapilitsi ndinalowa nawo ndekha, nditawakulunga m'masokosi, ndipo ndinadutsa. Kudutsa kumeneko n'kumene kunandipusitsa.

Anandiika pa geti ya nyumba ina yosanja ku Onaiza. Maola khumi ndi awiri chiimire, mpando palibe, supavaiza akuzungulira ndi galimoto. Munthu amene ndinkadyera kuthamanga, tsopano ndinkadyera kuima malo amodzi n'kumakweza chitsulo kuti magalimoto a eni adutse.

Pa geti pomwepo mpamene ndinakumana ndi Che Idrissa. Inu akale mukuwadziwa. Kwa atsopano: anali bambo a ku Namwera, dalaivala wa banja lina la m'nyumba yomweyo, ndipo anali atakhala ku Doha zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lachitatu ndili pa ntchito anaimitsa galimoto, natsitsa galasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Pepani achimwene," anatero, "inu si a Kamvuluvulu inu?"

Ndinati ndine.

"Subhanallah! Ine ndinagulitsa nkhuku ziwiri kuti ndikakuoneni ku Blantyre. Nkhuku ziwiri! Ndipo lero mukunditsegulira geti? Ayi, izi sizoona. Ndimayenera kutsika ine n'kukutsegulirani inu."

Kuyambira tsiku limenelo sankadutsa chimanjamanja. Botolo la madzi ozizira, zipatso za tende, nthawi zina mpunga wotsala kwa mabwana. Ndi iwo anandibweretsa m'chipinda mwakhalamo inumo, n'kundiimika pakati, n'kunena kuti, "Anyamata, imirirani, mwalowa munthu." Zaka zisanu ndinali ndisanamve munthu akunditchula motero.

Mwezi wachinayi mapilitsi anatha. Amene munadutsamo mukudziwa, ndipo ndikudziwa kuti m'chipindamo muli awiri kapena atatu amene akudziwa, musayang'anane. Thukuta lozizira dzuwa likuswa mtengo, m'mimba mosagwira, miyendo yonjenjemera yokha, mafupa ngati muli nyerere. Ku famase anati pepala la dokotala. Kwa dokotala ndinkaopa, chifukwa ndinkati akaona bondo auza kampani, kampani indikweza ndege. Ndinasankha kubisa, ngati mmene ndinabisira m'timu.

Nthawi yomweyo Che Idrissa anali pa tchuthi kumudzi.

Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu akamabwerera kuchokera kwathu, sutukesi si yake. Uyu usipa, uyu ufa wa mgaiwa, uyu kambuzi, uyu nsalu yochokera kwa mkazi. Achibale amakasiya tinthu tawo ku depoti, titamangidwa bwinobwino, dzina litalembedwa pamwamba. Ndipo wonyamula satsegula. Kutsegula ndiye kuti wanena mnzako kuti ndi wakuba kapena ndi mfiti. Che Idrissa ndiye anali wotchuka pa zimenezi. Ankati katundu wa mwini ndi amana, chinthu chokusungitsa, ndipo Mulungu amafunsa za amana. Zaka khumi ndi ziwiri sanamasulepo mfundo ya munthu.

Ine ndinkadziwa zimenezo. Mumve bwino pamenepa, chifukwa ena amandichitira chifundo n'kumati mutu sunkagwira. Mutu unkagwira. Ndinawasankha iwowo chifukwa ndinkadziwa kuti satsegula.

Ndinaimbira Adokotala. Anagula botolo lalikulu la chiponde, anakulunga mapilitsi m'mapulasitiki, nawakankhira pakati, n'kusalaza pamwamba ndi supuni. Anamata ndi tepi n'kulemba KAMVULUVULU. Kenako ndinaimbira Che Idrissa.

"Bambo, mayi anga asinja chiponde. Kaya malo alipo?"

"A Kamvuluvulu, makilo adzadza, koma inu? Ndichotsa usipa wanga. Chiponde cha mayi sichingatsale."

Anachotsadi usipa wawo.

Tsiku lofika tinawadikira m'chipindamo, aliyense akuyembekeza kake. Sanabwere. Foni yawo inali yozima. Mawa lake tinamva kwa bwana wawo kuti awagwira pabwalo la ndege ndi mankhwala oletsedwa. Munakangana inu, ndikukumbuka. Wina anati n'zosatheka, wina anati masiku ano munthu sungamudziwe. Pamapeto munati tiwapempherere, Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Ndinatseka maso nanu limodzi. Ndinati ameni.

Zimene ndinachita masiku otsatirawo ndi izi. Ndinafufuta mauthenga onse a Adokotala. Ndinadzilimbitsa mtima kuti dzina loti Kamvuluvulu silili pa pasipoti, silili pa chiphaso, silili pa kontirakiti. Kenako ndinapita kwa supavaiza ndi nkhope yachisoni n'kumuuza kuti mayi anga amwalira. Mayi anga omwe aja osinja chiponde, ndinawapha ndi pakamwa. Kampani inandipatsa tchuthi cha maliro ndi tikiti ya Lachinayi masana. Ndinati ndikangokwera, khalasi, zatha, sindibwereranso. Che Idrissa aona okha, ndi munthu wa Mulungu, Mulungu wawo awatulutsa.

Lachitatu, tsiku lachisanu ndi chinayi chiwagwirireni, ndinali pa geti komaliza. Inali itangodutsa 12 koloko, nthawi imene phula limanunkha ndipo mumsewu simuyenda munthu. Foni inalira m'thumba, nambala yachilendo. Pa geti sitiloledwa kuyankha, koma ndinaganiza kuti ndi a tikiti.

"Salaam aleikum. A Kamvuluvulu?"

Mawu anali atachepa, ngati a munthu amene wadwala nthawi yaitali. Ndinagwira chitsulo cha geti, chinandiwotcha, koma sindinachisiye.

"Andipatsa mphindi zitatu," anatero. "Ndaganiza kuti ndiimbire inu m'malo mwa akunyumba, chifukwa ndikudziwa kuti simukugona."

Ndinayembekeza kuti anditukwane. Ndikunena zoona, ndinkafuna anditukwane. Munthu akakutukwana umapeza pogwira, umati nayenso ndi woipa mtima.

"Mverani," anapitiriza. "Mankhwala aja anali m'botolo lanu. Musadzidzimuke. Ine ndaganiza masiku onsewa, ndipo ndaona mmene zinayendera. Pali munthu kumudzi wakuchitani chipongwe. Anadziwa kuti katundu wa munthu wotchuka sakayikiridwa, n'kulowetsa zake m'chiponde cha mayi anu. Mwina ndi amene anakasiya ku depoti uja. Anthu ansanje ndi ambiri."

Ndinangogwirabe chitsulo chija.

"Akundifunsa tsiku lililonse kuti Kamvuluvulu ndi ndani. Ndawauza kuti botolo ndinalandira ku depoti, ndipo zimenezo n'zoona. Za geti yanu sindinanene. Ndikakutchulani akutengani, ndipo ndi bondo lanulo pansi pa muno simungapagone. Ine thupi langa n'lolimba. Choonadi chituluka, inshallah. Inu khalani phee, gwirani ntchito."

Kumbuyo kwawo ndinamva munthu akuti yalla, yalla.

"Akuti nditseke. Koma bondolo likupeza bwanji masiku ano? Mukumathira madzi otentha aja ndinakuuzani?"

Ndinati, "Likupeza bwino, bambo."

"Alhamdulillah. Muwapatse moni mayi, muwauze kuti asadandaule za chiponde."

Foni inaduka.

Abale anga, ndinagwetsedwapo ndi anthu amphamvu, ndinatukwanidwapo ndi sitediyamu yonse, koma palibe chinandipweteka ngati funso limenelo. Munthu ali m'chitokosi chifukwa cha ine, wapatsidwa mphindi zitatu, sanaimbire mkazi wake, waimbira ine kuti andifunse za bondo. Ndipo ine tikiti ili m'thumba la malaya, pamtima penipeni.

Ndili chiimire choncho, panafika galimoto ya mabwana awo. Pa chiwongolero panali munthu wina, dalaivala watsopano, atavala magalasi akuda. Kansalu kamene Che Idrissa ankapukutira galasi kanali pomwe ankakasiya. Dalaivalayo analiza hutala chifukwa ndinachedwa. Ndinakweza chitsulo, galimoto inalowa, ndinatsitsa. Masiku asanu ndi anayi okha, malo awo anali atakhala kale wina, ngati nambala 7 ija ndinkaiopera.

Sindikuuzani kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Sindinamve kanthu. Ndinangoona kuti mawa ndikakwera ndege, munthu ameneyu akhala zaka m'ndende akundiikirabe kumbuyo, akuuzabe akaidi anzake kuti anaonerapo Kamvuluvulu. Ndinaona kuti zimenezo sindingakhale nazo moyo.

Supavaiza atafika pa 2 koloko ndinavula chipewa n'kumupatsa.

"Bwana, mayi anga ali moyo," ndinatero. "Ndinanama. Ndiperekezeni kupolisi."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anandikweza. Kupolisi ndinaika patebulo pasipoti, tikiti ndi foni. Wapolisi anatulutsa chithunzi cha botolo, nayesa kuwerenga dzina lija, lilime n'kumukana. Ndinamuthandiza. Ndinati, "Kamvuluvulu. Ndine." Aka kanali koyamba kulitchula dzinalo popanda kunyada.

Mauthenga ndinafufuta aja apolisi anawabweza onse. Ndi amene anapulumutsa Che Idrissa, chifukwa mu uthenga wina ndinali nditalembera Adokotala kuti, "Mdalayo satsegula, sadziwa kanthu." Anawawerengera mawu amenewo pamaso panga, womasulira akubwereza pang'onopang'ono. Che Idrissa anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayang'ana pansi.

Anawatulutsa patapita milungu ingapo, opanda mlandu. Koma bwana wawo anali atathetsa kale kontirakiti, ndipo panalibe wina wofuna dalaivala amene dzina lake lamveka kupolisi. Anabwerera ku Namwera. Nyumba imene ankamanga inali itafika m'mawindo, ndipo mpaka lero ili m'mawindo.

Ine ndinalowa ndende. Masabata awiri oyamba ndinkasanza, ndinkalira, ndinkadziipitsira ngati khanda, akaidi anzanga akundikokera kubafa. Atandipititsa kwa dokotala wa kundende, anajambula bondo, naliyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti n'chifukwa chiyani sindinapite kuchipatala ndili mfulu, khadi la chipatala ndinali nalo. Anati akanandipatsa chomangira bondo, mankhwala oyenera, ndi kalata yopempha ntchito yokhala pansi. Chinthu chimene ndinkachiopa chija chinali chitseko chotsegula. Nditamaliza chilango anandikweza ndege, ndipo dziko limenelo sindidzalipondanso.

Mmene ndinabwererera si nkhani yokoma, ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ndinayamba ndi mayi anga. Ndinawagwadira n'kuwauza kuti ndinagwiritsa ntchito dzina lawo kawiri, koyamba pa chiponde, kachiwiri pa maliro. Analira, kenako anati, "Ndiye unandiika m'manda ati?" Nambala ya Adokotala ndinaifufuta, ndipo ndikawaona mumsewu ndimawoloka. Lachiwiri lililonse ndimapita kuchipatala kukawongola bondo, ndipo namwino wa kumeneko ndinamuuza zonse, kuti ngakhale nditalira bwanji asadzandipatse mapilitsi aja. Ntchito ndinapeza yokhala pansi: ndimasoka nsapato ndi mipira pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Ena amandizindikira, amaima, amapukusa mutu. Ndimawalola apukuse. Papita chaka ndi miyezi isanu ndisanamwe ngakhale limodzi. Chilakolako chake sichinathe, chimabwera makamaka kukazizira, ndipo chikabwera ndimaimbira Yohane.

Inu amene mukumwa mobisa, kaya ndi msana, kaya ndi mapazi otupa ndi kuima, uzani munthu mmodzi lero, musanatuluke m'chipindamo. Tengani khadi lanu mupite kwa dokotala. Akakubwezani kumudzi, mubwerera ndi dzina lanu. Ndipo za katundu, ndikupempha mwambo usinthe. Wotumiza auze abale ake kuti akamasule okha pamaso pa wonyamula, botolo alivundule ndi supuni, ufa aukhuthule. Asadikire kuti wonyamula apemphe, chifukwa munthu waulemu sapempha.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kupita ku Namwera. Ndinagula shuga, sopo, tiyi ndi mafuta ophikira, wa m'sitolo n'kundimangira m'katoni ndi chingwe. Ndinawapeza Che Idrissa atakhala pa mkeka kuseri kwa nyumba yosatha ija, akukonza wilo la njinga. Aonda, ndevu zayera. Anandilandira, anaitanitsa madzi, anafunsa za ulendo. Ndinagwada n'kunena zonse zimene ndinakonza m'basi, ndipo zinatuluka mosalongosoka.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndinakukhululukirani kalekale, a Maliko. Ndikanapanda kutero swala yanga, pemphero langa, ikanakhala yopanda pake."

A Maliko. Dzinalo analimva kupolisi.

Ndinawakankhira katoni ija. Anaiyang'ana, osaigwira. Kenako anaitana akazi awo.

"Abiti Saidi, tabweretsani mpeni."

Anadula chingwe. Anatulutsa shuga, naboola pepala, n'kukhuthulira m'beseni, akusefa ndi zala. Anatsegula tiyi. Sopo anamudula pakati, mtanda uliwonse. Botolo la mafuta analikweza kudzuwa n'kuliyang'ana mpaka pansi. Sankachita mwaukali, ankachita mofatsa, ine nditagwada pomwepo.

Atamaliza anapukuta mpeni pa thalauza.

"Musakhumudwe," anatero. "Si inu nokha. Masiku ano ndimatsegula za aliyense. Ngakhale mwana wanga akanditumizira kanthu, ndimatsegula."

Bondo ndinaliwononga ndekha, ndipo linali langa. Koma munthu uja amene zaka khumi ndi ziwiri sanamasulepo mfundo ya mnzake, ameneyo sanali wanga, ndipo kulibe chipatala chimene ndingamupititse.

Yohane, zimitsa. Ndamaliza.